Mwana wa Mfumu ndi Mtolo wa Amphawi

Munthu akapezedwa ali kulankhula yekha m'njira, anthu a pamudzi amayang'anana, nayamba kunong'onezana kuti mutu wace wasokonezeka. Koma mkazi wosinja pamtondo akaimba za mabvuto a m'nyumba mwace, palibe amuyesa wamisala. Onse adziwa kuti mtima ukadzaza ufuna potulukira, ndi kuti nyimboyo, ngakhale aiimba yekha, ifika m'makutu a apongozi ali kuseri kwa nkhokwe. Olemba masewero nao ali ndi mcitidwe wotere. Pakati pa sewero amaimika munthu mmodzi, namlola kunena mokweza zimene anthu amangoganiza mumtima, kuti oonera amve. Mwa mau onse otere olembedwa m'Cingerezi, ochuka koposa ndi amene alankhula Hamlet, mwana wa mfumu ya ku Denmark, m'sewero la William Shakespeare.

Shakespeare anabadwa m'caka ca 1564 ku Stratford-upon-Avon, m'dziko la England, namwalira m'caka ca 1616. Sewero la Hamlet analilemba ca m'ma 1600, atataya kale mwana wace wamwamuna mmodzi yekhayo, Hamnet, amene anamwalira m'caka ca 1596 ali ndi zaka 11. Masewero ace anafika ku Malawi kudzera m'masukulu, ndipo m'caka ca 2016 limodzi la iwo, la Romeo ndi Juliet, linaseweredwa m'Cicewa atalimasulira Stanley Onjezani Kenani. Koma mlimi wa fodya wa ku Santhe kapena ku Chamama, amene wadziwa kumene kuwerenga, asayese kuti mau a Hamlet ndi cakudya ca ophunzira okha. Muli mbali ina imene iye angathe kuimva msanga kuposa mwana wa ku Kamuzu Academy ku Mtunthama.

Nkhani yace ili tere. Atate a Hamlet, mfumu ya dzikolo, anafa mwadzidzidzi, ndipo kunalengezedwa kuti njoka inawaluma ali gone m'munda. Isanathe miyezi iwiri, mng'ono wa malemuwo, dzina lace Claudius, analowa ufumu nakwatira mkazi wamasiyeyo, Gertrude, mai wace wa Hamlet. Wowerenga wa ku Kasungu angafunse kuti nanga codandaula nciani. Kulowa cokolo si cinthu cacilendo kwa iye, ndipo kwa Acewa ufumu supita kwa mwana wobereka. Upita kwa mng'ono kapena kwa mwana wa mlongo. Koma ku England mpingo unali kuletsa mwamuna kukwatira mkazi wa mbale wace, ndipo cangu cimene ukwatiwo unacitikira cikadanyansa ngakhale akuluakulu a kuno, pakuti cinali ngati kutenga wamasiye asanasudzulidwe. Hamlet mwini anyodola kuti ndiwo zotsala pa maliro ndizo zinadyedwa pa ukwati.

Usiku wina mzimu wa malemu unamuonekera, nuulula kuti sinali njoka ai: Claudius ndiye anathira mankhwala akupha m'khutu la mkulu wace ali m'tulo. Unamlamula kuti alipsire. Tsono munthu woti aphedweyo, m'Cicewa, ndi atate ace aang'ono. Hamlet anadzicititsa misala kuti abise colinga cace, masiku napita, iye osacita kanthu.

Mau ochukawo ali kuciyambi kwa gawo lacitatu la sewero. Mfumu ndi nduna yace, Polonius, abisala kuti adziwe ngati misalayo ndi ya cikondi, naika Ophelia, mwana wamkazi wa Polonius, poyera ngati nyambo. Hamlet alowa, nayamba kulankhula. Mizere yace ingopitirira 30 pang'ono; munthu angathe kuinena yonse madzi a phala asanawire.

Funso ndi tulo

Ayamba ndi funso lopacikidwa pa liu limodzi laling'ono, limene m'Cicewa ndilo kukhala. Liuli m'Cicewa lisenza zambiri, pakuti munthu amakhala moyo, amakhala pansi, amakhala cete, amakhala pamudzi anzace atapita. Zonsezi zimkhudza Hamlet. Afuna kudziwa cimene ciyenera munthu waulemu: kupirira zowawa ali cete, kapena kudzuka ndi zida nalimbana nazo, ngakhale kulimbanako kukathera ku manda. Samuel Johnson, pomasulira mauwa m'caka ca 1765, anati Hamlet ali kuganiza za ngozi ya kulipsira. Ena ambiri ati ali kuganiza za kudzipha. Zonse ziwiri zilimo, pakuti wotukulira mfumu mpeni sayembekeza kudzadya nsima mawa.

Mabvutowo awafanizira ndi nyanja. Ena ananyoza fanizoli, nati munthu satenga mkondo kukalasa madzi, ndipo Alexander Pope, posindikiza masewerowa m'caka ca 1725, anaganiza kuti kapena liulo linalembedwa molakwa. Koma amene anatsikirako ku Nkhotakota nyengo ya mwera, naona mafunde ali kubwera ena pambuyo pa ena osaleka, adziwa kuti fanizolo lalunjika. Kupanda pace kwa nkhondoyo ndiko kumene wolemba afuna kuti kuoneke.

Kenaka mau afewa. Imfa aiyesa tulo, nabwereza-bwereza liu la kugona monga munthu wotopa wodziimbira yekha nyimbo yogonetsa mwana. Acewa nao amati wakufa wagona, watsikira kuli cete. Koma mwadzidzidzi akhumudwa pa ganizo limodzi: wogona amalota. Pamenepa Shakespeare anabwereka liu la masewera ogubuduza mipira pa udzu, lonena kamtumbira kamene kapatutsa mpira m'njira yace. Maganizo a Hamlet anali kugubuduka bwino kulinga ku mpumulo. Maloto ndiwo kamtumbirako.

Owerenga Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu m'Cinyanja m'caka ca 1922, adzakumbuka Yobu m'mutu wacitatu wa buku lace. Iyenso akhumba manda ngati malo opumulira otopa, kumene wandende samvanso liu la womfulumiza, kumene kapolo amasuka kwa mbuye wace. Koma Yobu sakayika kuti kumeneko kuli bata. Hamlet akayika. Cifukwa cace mau a Yobu ndi kulira, pamene mau a Hamlet ndi mlandu wozengedwa m'mutu mwa munthu mmodzi, woimba mlandu ndi woyankha ali yemweyo.

Mtolo wa yani?

Pakati pa mauwo pali mndandanda wa zowawa zisanu ndi ziwiri zimene anthu apirira, ndipo apa mpofunika kukhalitsa. Muli nkhanza za wopondereza ndi mwano wa munthu wodzikuza. Muli cipongwe ca okhala m'maofesi, ndi milandu yosatha kuzengedwa. Muli cikondi cokanidwa, muli zikwapu ndi zitonzo za dziko, mulinso munthu wabwino wofatsa wokankhidwa ndi anthu acabe. Pamwamba pa izi aonjezapo cithunzi ca munthu wosenza mtolo, ali kubuula, thukuta lili kamukamu.

Tsono wowerenga adzifunse: mwa zonsezi, nziti zimene mwana wa mfumu anazilawa? Cikondi, kapena. Kuponderezedwa ndi Claudius, kapenanso. Koma kalaliki uti wa ku Denmark akadamuuza mwana wa mfumu kuti abwerenso mawa? Bwalo liti likadaimika mlandu wace zaka zitatu? Mtolo wanji umene mutu wace unausenza? Ndipo zimene zimuwawa iye mwini sazichula nkomwe. Sanena za atate ace, kapena za mai ace, kapena za mzimu, kapena za wakupha uja ali kuseri kwa nsaru. M'mizere yonseyo mulibe liu lakuti ine kufikira pamene aona Ophelia. M'malo ena m'sewero, akalankhula yekha, adzichula yekha kosaleka, nadzitukwana. Pano pokha alankhula m'dzina la anthu onse, ndipo zowawa zimene atola ndi za anthu wamba, amene anali kuimirira pansi m'bwalo la masewero la Globe ku London atalipira kobiri limodzi. Mwana wa mfumu wabwereka mtolo wa amphawi. Ici ndico capatsa mauwa moyo wautali.

Mtolowo anthu a m'zigwa za fodya za ku Kasungu audziwa kulemera kwace. Fodya amdya munthu caka cathunthu. Nazale athirira dzuwa lili pamutu, aokera mvula ikagwa, apalira, athyola, asoka masamba kufikira usiku, awapacika m'cigafa, asankha, adinda mabelo pa jeke. Mabelo akafika ku msika wa ku Chinkhoma, mtengo anena ndi munthu wina m'kanthawi kakang'ono, ndipo belo lina libwezedwa. Amene anaimapo pa khomo la ofesi, cipewa cili m'manja, kudikira munthu wa msinkhu wa mwana wace kuti atukule mutu, safuna mphunzitsi womuuza cimene Hamlet atanthauza. Akulu amati mlandu suola, koma mwini mlandu amakalamba.

Pali liu limodzi m'mizereyi limene matenanti akale a m'maesiteti angalimve kuposa onse. Ponena kuti munthu angathe kudzimasula yekha ku zowawazi, Shakespeare anatenga liu la alembi a ndalama, limene anali kulemba pansi pa buku ngongole ikatha kulipidwa. Tenanti anali kulandira cimanga, mcere ndi zina pa ngongole caka conse, zonse zilembedwa m'buku la mwini munda; fodya akagulitsidwa, ngongole inali kucotsedwa, ndipo ambiri anali kupeza kuti cotsala ncacing'ono, ena napezeka kuti akali ndi ngongole. Boma linaletsa mcitidwe umenewu ndi lamulo m'caka ca 2021, koma okumbuka bukulo alipo ambiri. Hamlet aona moyo ngati buku lotere, limene munthu akhumba kuti litsekedwe. Fanizolo ndi lozizira, lopanda misozi, ndipo kuopsa kwace kuli m'kuzizirako.

Palinso cina codabwitsa. Sewero ili linasindikizidwa katatu mosiyana: m'caka ca 1603, m'caka ca 1604, ndi m'buku lalikulu la masewero ace m'caka ca 1623. Mau odziwika lero ndi a mabuku awiri otsirizawo. Buku la 1603 linatayika, nkudzapezeka m'caka ca 1823, ndipo otsala ndi awiri okha. Ndi lalifupi, mau ace ngokhakhala, ndipo akatswiri ambiri ayesa kuti wosewera wina analilemba kucokera m'mutu, nadzaza moiwalika ndi mau ace. M'buku limenelo mndandanda wa zowawa uli wina: muli mkazi wamasiye woponderezedwa, muli mwana wamasiye wolakwiridwa, muli wolemera wotembereredwa ndi wosauka, mulinso njala. M'mau ochukawo njala mulibe. Ngati ndi zoona kuti wosewera wosauka ndiye anailowetsa, ndiye kuti anaona cimene mwana wa mfumu anaiwala. Anthu a ku Kasungu amene anapyola njala ya 2002, pamene ena anadya gaga ndi mizu, adzanena kuti mndandanda wopanda njala ngoperewera, ndipo sadzalakwa. Pa kukoma kwa mau buku la 1603 ligonja kutali. Pa ici cokha lipambana.

Dziko losabwerako

Nanga cifukwa ninji anthu apirirabe? Yankho la Hamlet ndi limodzi: mantha. Imfa aifanizira ndi dziko limene palibe analiyendera nabwera kudzasimba. Masiku amenewo zombo za ku England zinali kupita ku maiko osadziwika, zina osabwerako. Ku Kasungu fanizoli lili ndi dzina lace: machona. Amuna ambiri anapita ndi Wenela ku migodi ya ku Johannesburg, ena ku minda ya ku Southern Rhodesia, ndipo ena a iwo sanamvekenso. Komabe mchona amayembekezeka. Hastings Kamuzu Banda anacoka ku Kasungu ali mnyamata, nabwera m'caka ca 1958 patapita zaka zoposa 40. Dziko la Hamlet ndi lopanda ngakhale kalata. Cifukwa cace, iye ati, munthu asankha zowawa zimene azidziwa koposa kuthamangira zosadziwika. Mwambi umati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Hamlet autembenuza mwambiwo: ca pamphuno ncowawa, koma munthu acigwiritsa cifukwa ndico cokha ali naco.

Pano wowerenga wochera khutu adzaimika nkhani, nati: Kodi si yemweyu anaona mzimu wa atate ace? Anena bwanji kuti palibe wobwerako? Funsoli lasautsa akatswiri zaka zambiri, koma Mcewa angathe kulimasula mosabvuta, pakuti adziwa kusiyana kwa mzimu wa kholo ndi ciwanda. Kumapeto kwa gawo laciwiri Hamlet wanena kale kuti cimene anaona kapena ndi mdierekezi wobvala nkhope ya atate ace kuti amtaye. Iye anaphunzira ku Wittenberg, mudzi wa Martin Luther, kumene anali kuphunzitsa kuti akufa sayendayenda. Tsono pa nthawi iyi umboni wa mzimuwo wapepuka m'mtima mwace. Ndipo ngakhale unali mzimu weniweni, unakana kuulula zinsinsi za kumene unacokera, nubwerera tambala atalira. Kuceza kwa usiku umodzi si kubwera kwao.

M'buku la 1603 lija, cogwira anthu kuti asadzitaye si mantha koma ciyembekezo, ndipo muchulidwa woweruza wosatha. M'mau ochukawo Mulungu sachulidwa, ngakhale m'gawo loyamba Hamlet anati lamulo lace liletsa kudzipha. Pano thambo lili cete.

Atsiriza ndi kudziweruza. Ati kulingalira kusandutsa onse amantha. Liu limene agwiritsa nchito litanthauza cikumbumtima, litanthauzanso kuganiza, ndipo onse awiri ayenera. Kulimba mtima akufanizira ndi nkhope ya munthu wathanzi imene iyezuka ndi nthenda, ndi nchito zazikulu azifanizira ndi madzi otaya njira yao. Amene anaona kamtsinje kotuluka mwamphamvu m'phiri, nkukathera m'mcenga wa m'dambo kasanafike ku Bua, waona cithunzico. Ambiri atenga mau awa ngati ciweruzo ca Shakespeare mwini, namucha Hamlet zengerezu amene analinda kwaukwau. Koma kuganiza kawiri munthu asanakhetse mwazi wa atate ace aang'ono pa mau a cinthu coonekera usiku si mantha. Pamene Hamlet aleka kuganiza, m'gawo lomwelo, abaya munthu kuseri kwa nsaru osayang'ana, napeza kuti wapha Polonius.

Cimene Hamlet sanaone

Mauwa ndi okoma, koma wowerenga asawameze onse. Muli cosowa cacikulu. Hamlet ati cogwira anthu m'moyo ndi mantha okha. Afunseni amai amene adzuka tambala woyamba kukasoka fodya wa eni, ngati ndi mantha a maloto a m'manda amene awadzutsa. Adzaloza ana ali gone pa mphasa. Mwana wa mfumu wabwereka mtolo wa amphawi, koma sanafunse cifukwa cace iwo ausenza. M'mizere yonseyo mulibe mwana, mulibe mbale, mulibe bwenzi, mulibe munthu amene angalire maliro. Ndi maganizo a munthu wodzitsekera yekha, ndipo kwa munthu wotere dziko licepa kufikira kutsala njira ziwiri zokha.

Kusowaku si kulephera kwa wolemba, pakuti taonani kumene anaimika anthu ace. Nthawi yonse imene Hamlet ali kulankhula za anthu onse a pa dziko, munthu mmodzi womkonda ali pomwepo, mapazi owerengeka, buku lili m'manja, iye osamuona. Atamuona, ayamba ndi mau ofatsa, kenaka amlalatira mwankhanza, namkana, namuuza kuti akadzitsekere ku nyumba ya avirigo. Wodandaula za cikondi cokanidwa ndiye akana cikondi. Wodandaula za mwano wa odzikuza ndiye acita mwano kwa wofatsa. Ndipo Ophelia, atate ace ataphedwa, ndiye apenga misala yeniyeni, namira m'mtsinje. Iye sapatsidwa mizere 30 yoyesera moyo ndi imfa. Aimba tinyimbo tosalumikizana, nagawa maluwa.

M'gawo lacisanu sewero lipita ku manda, ndipo olankhula za imfa tsopano ndi adzukulu awiri. Aseka, aphera mwambi, mmodzi aimba ali kukumba, monga adzukulu a kuno amene nthabwala zao pa maliro palibe aziletsa. Atsutsana ngati mtsikanayo anadzimiza kapena anagwa, nanena poyera kuti akadakhala wa banja losauka sakadaikidwa ndi mwambo wa mpingo. Awa ndiwo eni mtolo, ndipo imfa saiyesa tulo kapena dziko lakutali. Kwa iwo ndi dothi, khasu ndi ludzu. M'dzenjemo mutuluka cigaza ca Yorick, woseketsa wa kwa mfumu, amene anali kubereka Hamlet pamsana ali mwana, wagona m'nthaka zaka 23. Hamlet acinyamula m'manja. Imfa imene anailankhula popanda dzina tsopano ili ndi dzina ndi mano.

Kumapeto anthu agwa motsatana. Gertrude amwa cikho ca mankhwala cimene Claudius anakonzera Hamlet. Laertes, mlongo wace wa Ophelia, alasa Hamlet ndi lupanga lopakidwa ululu, nalasidwa nalo iyenso. Hamlet apha Claudius. Pamenepo Horatio, bwenzi lace la ku sukulu, atola cikhoco, muli madontho otsala, nafuna kumtsata. Hamlet, ululu uli kuyenda kale m'thupi, alimbana naye ndi mphamvu zace zotsiriza, namlanda cikhoco. Sanena kuti dziko lakoma, alichabe lowawa. Koma ampempha kuti atsale, apume mpweya wace mobvutika momwemo, kuti akasimbe kwa osadziwa zimene zinacitika.